Kutonthola kwa Exildah

Marjory atamwalira mu Juni 1991, abale ake anadikira miyezi iwiri yokha asanabwere kudzafuna mwana. Kwa Achewa a ku Katete mwana ndi wakuchikazi, ndipo mwamuna wake Lazarous Sakala, kalipentala wa ku Kalingalinga, ankazidziwa bwino zimenezo. Komabe anakakamira kuti Exildah, mwana wawo wa zaka ziwiri, amulera yekha.

"Mwamuna kulera mwana?" anatero ba Edmond, malume ake a malemuyo. "Chabwino. Tibwera pa Sande ku chalichi kwanu kwachilendoko, tikaone na maso. Mukamukwanitsa, akhala. Mukalephera, apita na Maggie ku Chawama."

Maggie anali mkulu wake wa Marjory, mayi wa ana anayi.

Tchalitchicho, kunena zoona, chinali pabalaza pa ba Mukupa, amene analowa mpingo wa Amormoni akugwira ntchito ku Harare. Munkasonkhana anthu khumi ndi asanu pa mabenchi atatu okhoma Lazarous yemweyo, kutsogolo kuli tebulo lofundidwa nsalu yoyera. Kumeneko ana sawatulutsa pa nthawi ya mgonero. Aliyense amakhala ndi wake pamiyendo, n'kumalimbana naye mwakachetechete.

Tsoka silinunkha. Sande yomweyo ndi imene ba Mukupa anasankha Lazarous kuti adalitse mgonero koyamba. Akanatha kukana, koma sanakane, poti anafuna apongozi aone kuti kuno iye ndi munthu wowerengedwa. Kunyada kwa amuna kumeneku n'konyansa.

Anabwera ndi mwana wake atakonzeka: mbatata yophika m'thumba la jekete, kabotolo ka maheu, ndi kagalimoto kathabwa kamene anasema dzulo lake. Mbatata inatha nyimbo yoyamba isanathe. Maheu anathera pabuluku la bambo ake. Kagalimoto kanauluka n'kukagunda akazi a ba Mukupa pamsongolo, mayiwo n'kungomwetulira mano ali gwa. Kenako Exildah anakwawira pansi pa benchi, nayamba kumasula zingwe za nsapato za anthu.

"Bwera kuno, mami," Lazarous ankanong'ona, thukuta lili kamukamu. "Khala pansi, chonde, napapata."

Ba Edmond anali chakukhomo, Maggie pambali pawo. Onse awiri ankaonerera zonsezi.

Nthawi ya mgonero itakwana, Lazarous anakhazika mwana pabenchi, namuuza kuti asachoke. Anapita kutebulo, nanyemanyema buledi amene wina anamuimira pamzere kuyambira mbandakucha, nagwada. Pemphero la mgonero kumeneko lili ndi lamulo lake. Amaliwerenga pakakhadi, m'Chingerezi, liwu ndi liwu. Ukaphonya limodzi, mtsogoleri amapukusa mutu ndipo umayambiranso pachiyambi.

Anangowerenga mzere umodzi pamene Exildah anazindikira kuti bambo ake asowa kuseri kwa tebulo.

"Atate! Atate!"

Lazarous analumpha mzere. Ba Mukupa anapukusa mutu. Anayambiranso. Mwana uja anadzigwetsa pansi, mutu n'kugunda mwendo wa benchi, ndipo kulira kwake kunasintha, kunakhala kwa ululu weniweni. Lazarous anadzutsa maso kamodzi kokha, ndipo pobwerera pakakhadi anasowa pamene analekezera. Ba Mukupa anapukusanso mutu. Anachita mwachifundo ndithu, koma lamulo ndi lamulo.

Kachitatu Lazarous analumbira mumtima kuti sayang'ananso kumbali, zivute zitani. Ali pakati pa pemphero, kulira kunazilala, kenako kunatheratu. Mawu aja anayamba kutuluka okha, osakhumudwa paliponse. Anthu atavomera kuti Ameni, Lazarous anamva mtima kupepuka, nathokoza Mulungu kuti mwana wake wamumvera apongozi akuona. Anaimirira akumwetulira.

Pabenchi panalibe munthu. Exildah anali kumsana kwa Maggie, atamangidwa bwinobwino m'chitenje, chala chili m'kamwa, akusisima pang'onopang'ono, dzanja lina litagwira kolala ya bulauzi. Miyezi iwiri yonseyi Lazarous anali asanamutontholetsepo msanga chotero. Kunyumba mwanayo ankalira mpaka kutopa yekha, bambo ake akuzungulira naye pabwalo ngati wonyamula thabwa.

Maggie sananyade nazo. Maso ake anali ofiira.

"Pitilizani, mulamu," ananong'ona. "Ayamba kugona."

"Taona," anatero ba Edmond chapansipansi, osayang'ana munthu.

Mbale ya buledi inazungulira n'kubwerera. Kunatsala kudalitsa madzi, ndipo ba Mukupa anamukodola kuti agwadenso. Lazarous anagwada. Mantha anamugwira, manyazi nawo, komanso mkwiyo umene analibe woulozetsa, poti palibe amene anamulanda mwana. Maggie anangotola amene anali kulira pansi.

Anayamba kuwerenga pang'onopang'ono, akukoka liwu lililonse kuti apatse mwanayo nthawi. Pakamwa ankadalitsa madzi, koma mumtima ankapempha chinthu chimodzi chokha: alire. Adzuke, aitane atate kamodzi kokha. Akatero, iye aponya kakhadiko pansi n'kukamuchotsa kumsana kuja anthu onse akuona, ofuna kupukusa mitu apukuse.

Anafika pa Ameni osaphonya liwu ndi limodzi lomwe, ndipo mwanayo sanalire.