Tamanda Anagona Pamulu wa Fodya

Namwino wa ku Cuamba anatiuza tonse atatu, ine, mwamuna wanga Estevão ndi apongozi anga, kuti mwana wathu Tamanda asamakhale m'nyumba muli fodya. Ananena m'Chipwitikizi, n'kubwerezanso m'Chinyanja kuti apongozi amve. Iwo anavomera mwaulemu, manja ali pamaondo. Titakwera chapa yobwerera kwathu ku Ngauma, apongoziwo anandifunsa ngati mtsikana wa zovala zoyera uja anagwirapo tsamba la fodya chibadwire. Estevão anaseka. Ine sindinaseke. Pakona ya kapulana, chitenje changa, ndinali nditamanga bomba, kabotolo kabuluu kopopera mankhwala m'kamwa, khutu langa lili pamsana pa Tamanda.

Apo n'kuti mvula ikugwa, fodya akadali kumunda. Tamanda anachira ndithu. Anayambiranso kuthamangitsa anapiye, kudya, kukana kusamba. Pamudzi onse anati mphumu yatha, ndipo ine anandipatsa dzina loti adotolo, chifukwa ndinaphunzirako sekondale ndipo ndinkayenda ndi bomba ngakhale popita kutchalitchi.

Mu Juni fodya anauma m'chigafa. Chaka chatha akuba anasesa chigafa chonse cha a Lourenço, oyandikana nafe, choncho Estevão anayamba kututira wathu m'nyumba. Ndinakana, ndinalira. Iye anati ndi masabata awiri okha, msika ukatsegulidwa achotsa. Ndinanyamula mphasa ndi mwana n'kusamukira m'nyumba ya apongozi, momwe munalibe fodya koma mphepo inkalowa paliponse. Komabe fungo linali pabwalo ponse, m'zovala, ngakhale m'madzi akumwa.

Kachifuwa kanabwerera pang'onopang'ono. Poyamba kutsokomola kouma m'mawa. Kenako kamluzu ka m'chifuwa, kochepa zedi, koti wina aliyense sangakamve. Ine ndinkangoyang'ana pakhosi pake, pakadzenje kali pamwamba pa chifuwa. Kadzenjeko kakayamba kulowa mkati, dzanja langa linkapita pa bomba. Apongozi anati ndi chisanu, mwana akufunika kufunda, ndipo ankamuveka majuzi awiriawiri.

Lachinayi ufa unatha. Ndinapita kuchigayo ku Massangulo, ndipo poti ndi kutali ndiponso kunali mphepo, ndinamusiya Tamanda ndi agogo akewo. Ndinawachonderera kuti asalowe naye m'nyumba mwathu. Anati ndipite, iwo analera ana asanu ndi awiri ine ndisanabadwe.

Kuchigayo kunali mzere. Ndinabwerako dzuwa litapendeka. Ndinapeza onse ali pakhonde, akusankha masamba n'kumamanga timitolo, fumbi lofiirira lili m'nsidze. Tamanda panalibe.

"Mwana ali kuti, amayi?"

"Wagona pofunda. Usamudzutse, wavutika ndi kuzizira tsiku lonse."

Ndinatula ufa osayang'ana pomwe wagwera. Fodya akaunjikidwa n'kupanikizidwa, mulu wake umafunda mkati ngati pamene pagona mbuzi. Estevão ndi abale ake onse anakula akugonekedwa pamenepo nyengo yachisanu, ndipo amakamba zimenezi monyadira. Ndinazikumbukira ndili kale pakhomo.

M'chipindamo munali mdima, zenera atalitseka ndi thumba. Tamanda anali pamwamba pa mulu, atamuyalira masaka. Sanagone. Anali atakhala tsonga, atagwira mawondo, mapewa akukwera n'kutsika. Sankalira, analibe mpweya wolirira. Anangondiyang'ana ndi maso aakulu, kukamwa kuli yasa.

Ndinathamanga naye mpaka pansi pa mango, kutali ndi khonde. Panja m'pamene ndinaona milomo yake, yotuwa ngati phulusa. Mfundo ya pakapulana inakana kumasuka, ndinaing'amba ndi mano. Botolo lapulasitiki lomwe namwino anandiphunzitsa kuboola kumatako linali m'nyumba ya apongozi. Ndinakuwira Estevão kuti akalitenge, ndipo anabwera nalo akupunthwa. Ndinalowetsa bomba kumatako kwa botolo, kukamwa kwake n'kuika pamilomo ya mwana. Ndinapopa kamodzi n'kumuuza kuti akoke. Sanathe. Ndinapopanso. Kadzenje kaja kankalowa mpaka ndinkaona mafupa.

Apongozi anabwera ndi bulangeti, akuti ndimupha mwana ndi mphepo. Estevão anatambasula manja kuti amunyamule.

"Musamugwire, bambo a Tamanda. Taonani manja anuwo."

Anawayang'ana, akuda bii ndi utomoni wa fodya, n'kubwerera m'mbuyo.

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinkapopa, kudikira, kupopanso, ndikumutchula dzina ngati ali kutali. Kenako anatsokomola kwambiri, n'kusanza pamiyendo panga, ndipo mapewa anayamba kutsika. Mawu ake oyamba anali akuti akufuna madzi. Ndinagwedeza bomba pafupi ndi khutu. Linali litapepuka, mkati mukungomveka pang'ono.

Madzulo palibe anadya bwino. Apongozi analira, ndipo ndikudziwa kuti analira zoona, chifukwa Tamanda ndi mdzukulu wawo wapamtima. Koma anati mwana anali bwinobwino pamulu paja, chamuyambitsa ndi mphepo yam'mawa. Anati atumiza kale uthenga kwa achemwali awo ku Itepela, abwera mawa kukacha ndi masamba ndi makungwa, amufukize mwana ndi utsi atamufunditsa bulangeti kumutu, kuti chisanu chituluke m'chifuwa. Ankanena modekha, akusisita phazi la Tamanda.

Utsi, m'bulangeti. Ndinayang'ana Estevão. Iye anali kuyang'ana pansi. Nditamukokera kuseri kwa nkhokwe, anati mayi ake sangawakanize pamaso pa achemwali awo, ndipo fodya sangamutulutse panja kuti akuba adye thukuta lake. Anati ndipirire, msika uli pafupi.

"Nanga akabanikanso m'bulangetimo, mankhwala atatha, mudzathamangira kuti?"

Anangoti ine ndimaopa kwambiri, n'kupita kukatseka mbuzi.

Ndimaopadi. Ndinakhala pamwala kuseri kwa khola, pomwe foni imagwira, Tamanda ali kumsana. Kamluzu kanali kadakalipo, ndinkakamva m'mafupa anga. Ndinaimbira Graça, mkulu wanga, amene amagulitsa makapulana ku Mandimba ndipo amakhala kufupi ndi chipatala. Sanandifunse zambiri. Anati chipinda chake n'chaching'ono koma mulibe fodya, ndibwere. Anafunsa ngati apongozi akudziwa. Ndinati ayi. Kenako anati anthu adzanena kuti ndathawa banja, ndikhale ndikudziwiratu.

Ndinali ndikudziwa kale. Kwathu kuno mkazi wotengedwa sachoka ndi mwana osatsanzika, ndipo ndikatsanzika adzandikhazika pansi mpaka achemwali aja afike.

Kenako ndinaimbira Fernando, amene amanyamula anthu pamota, njinga yake yamoto. Ndinamuuza kuti asafike pakhomo, andidikire kumsewu waukulu, pamlatho, tambala woyamba akangolira. Anafunsa ngati ndili ndi katundu wambiri. Ndinati ayi, ndi mwana yekha.