Mkati mwa Waya, Kunja kwa Waya

"Usadule wayayo!" anakuwa Amayi ali pakhomo la shopu, ndipo mwana wawo wamwamuna anangoti njo pamakwerero, pulayala ili m'manja.

Panali patapita masiku anayi chiikireni Bambo m'manda. Mwini nyumba ya shopuyo ankafuna makiyi ake pofika Lachisanu, choncho ana awo awiri analawirira kudzachotsa katundu: mawailesi akufa, mabokosi a mafyuzi, zitsulo zositira zimene eni ake anaziiwala kalekale. Zonsezo zinali zosavuta. Chowawitsa mutu chinali waya. Bambo, amene anagwira ntchito ya zamagetsi zaka makumi anayi, anali atazunguliza waya wofiira kudenga konse, kumutulutsira pawindo, kumuzungulizanso bwalo lakuseri, n'kumubweza mkati. Patebulo panali batire la galimoto ndi babu limodzi.

"Amayi, ndi waya chabe uyu," anatero mwamunayo. "Lole ya kuntchito andibwereka mpaka masana okha."

"Si waya chabe. Bambo ako anati Pulofesa akabwera adzayatse yekha, aone ndi maso ake."

Pulofesa anali mwana wawo wamkazi. Upulofesa analibe, ankangophunzitsa fizikisi kusekondale, koma Bambo anamupatsa dzinalo tsiku limene anayamba kuwatsutsa, ndipo linamumatirira ngati chingamu. Panthawiyi iye anali atagwada pansi akumanga katoni. Atamva mawuwo anatseka maso, n'kupumira m'mwamba.

Mkanganowo unali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Unayamba pa tiyi wam'mawa, iye atangobwera kutchuthi kuchokera kukoleji, pamene ananena kuti mphamvu yoyatsa babu siyenda mkati mwa waya ngati madzi m'paipi. Imadutsa kunja, m'malo ozungulira wayayo, waya amangoilondolera njira. Bambo anaseka mpaka kutsamwa.

"Ine magetsi andimenya kasanu ndi kawiri," anatero tsiku limenelo, "ndipo nthawi zonse ndinali nditagwira waya, osati mphepo."

Kuyambira pamenepo nyumba inasowa mtendere. Ankakangana pa chakudya, pa foni, ngakhale pa ukwati wa achimwene ake, anthu akuvina iwo akujambula mivi papepala lopukutira m'manja. Iye anawabweretsera mabuku, Bambo anaika limodzi pansi pa mwendo wa tebulo kuti lisamagwedere. Miyezi itatu yapitayo, atatopa nazo, anawauza pa foni kuti, "Bambo, kugwira waya si kudziwa. Zimenezi simunaphunzire." Bambo anadula foni, ndipo sanaimbenso. Iye naye anauma khosi, akumati aimba Loweruka, aimba Loweruka, mpaka mtima wa Bambo unaima ali pantchito m'shopu momwemo. Chimene chinkamudya tsopano chinali chimodzi: Bambo anapita ali okwiya, osamvapo mawu ake ndi amodzi omwe m'zaka zonsezo.

"Ndiye ankafuna ndione chiyani?" anafunsa Pulofesa, asanadzuke n'komwe.

Amayi anafotokoza mosamala, ngati mwana wonena zoloweza. "Anati waya ndi wautali. Ngati mphamvu imayenda mkati, babu lichedwa kuyaka poti ulendo ndi wautali. Ngati imadumpha kunja monga umanenera iwe, liyaka pompo."

"Mayo ine!" Pulofesa anadzuka, n'kumenya katoniyo ndi dzanja. "Amayi, zinthu izi zimathamanga ngati kuwala. Musanaphethire n'komwe zazungulira dziko lonse. Waya wa pabwalo pano angachedwetse chiyani choti diso lione? Kaya olondola ndine, kaya ndi iwo, babulo liyaka nthawi yomweyo. Anawononga waya yenseyu pachabe!"

"Usakuwe. Si ine ndinakhoma."

"Sindikukuwa."

"Ukukuwa, Pulofesa," anatero achimwene ake ali pamwamba. "Mawu ako ngati a Bambo, ndendende. Ingonena kuti anali olondola, tidule waya tizipita."

"Eya," anavomereza Amayi. "Munthu wapita. Ukanena kuti anali olondola utaya chiyani? Akuchotsa ntchito?"

"Sindinganame, Amayi."

"Sunganame? Iwe? Chaka chatha unandiuza kuti deresi lobiriwira lija landikhala, pomwe ndinkaoneka ngati thumba la kabichi."

"Limenelo ndi deresi. Iyi ndi fizikisi."

"Ndipo awo anali bambo ako."

Kunja wina anaimba hutala kufuna kuti loleyo imupatse njira, ndipo achimwene ake anatukwana chamumtima, osatsika. Pulofesa anamva misozi ikubwera, ndipo zinamukwiyitsa kwambiri, chifukwa sankafuna kulira pa nkhani imene ankadziwa kuti walondola. Ankawafuna Bambo abwere aime apo ndi ovolosi yawo yothimbirira kuti awakalipire bwinobwino. Munthu wanji woti ngakhale atafa n'kukusiyira mkangano utamangidwa kudenga!

"Chabwino," anatero. "Ndiyatsa. Koma sindinena zomwe mukufunazo. Swichi ili kuti?"

Amayi anapita kukona, n'kukankha chitseko chakale chimene chinali chotsamiritsa kukhoma. Kuseri kwake kunali swichi yokhomedwa pathabwa, yokulungidwa tepi wakuda. Paswichiyo panali patalumikizidwa ndodo, yaitali kuposa munthu, yopinda pa hinji. Amayi anaitambasula mpaka inafika pakati pa chipinda, pamene panali mzere wa choko pansi.

"Uime apo," anatero.

Achimwene ake anaphulika kuseka. "Ndodo? Pa batire la galimoto? Munthu amene ankayesa waya ndi chala chonyowetsa malovu? Amayi, batire ili silingaphe ndi mphemvu yomwe. Ndiponso akulunga tepi paliponse."

"Nanenso ndinawafunsa zomwezo," anayankha Amayi, akupukuta fumbi pandodoyo ndi kansalu ka m'chikwama. "Anati, 'Tepi amatchinga za mkati. Nanga zikakhala kuti mwanayu akunena zoona, kuti zimadutsa kunja? Dzanja lake lisayandikire pamenepo.' Anatha masiku awiri akuipala kuti isakulase."

Pulofesa anatsegula pakamwa. Nazonso zinali zolakwika, zolakwikiratu. Mphamvu yodutsa kunja kwa waya siluma munthu chotero, akanatha kuwafotokozera ndi pensulo m'mphindi zisanu. Anatseka pakamwapo.

Anayenda n'kukaima pamzere wa choko, mapazi onse awiri kumbuyo kwake. Anagwira ndodoyo. Inali yosalala kuchokera kumapeto mpaka pamene dzanja lake likanafika, yopanda ndi kachitsotso komwe, ndipo pogwirira anali atapachepetsa kuti pakwane chikhatho chaching'ono.

Anakankha. Babu linayaka nthawi yomweyo, koma iye sanaliyang'ane n'komwe. Kunja hutala ija inaliranso, motalika. Achimwene ake anatsika pamakwerero pang'onopang'ono, n'kuika pulayala m'thumba.