Gitala wa a Kaliati ndi Mawu a Ida

Situdiyo yanga ili pa Migowi, ndipo lamulo lake ndi limodzi: gitala aliyense amachunidwa ndi kamakina kanga, mpaka kagetsi kabiriwire pa nsambo zonse zisanu ndi imodzi. Amene sakufuna, khomo analowera ndi lomwelo.

A Kaliati anabwera masana kuchokera ku Jenala, gitala atamumangirira panjinga ngati mtolo wa nzimbe. Ndinawada nditangowaona. Anatulutsa kafoni kong'aluka galasi, momwe munali mawu a malemu akazi awo, Ida, akuyimba nyimbo imodzi panthawi yomwe ankadwala. Mawu ena a mayiyo kunalibenso kwina kulikonse. Iwo ankafuna kuyika gitala pansi pa mawuwo kuti nyimboyo ikalire pa tsiku loika chiliza.

Ndinalanda gitalayo ndi kumukunga. Nsambo zonse zinali zotsika.

"Mwamuwononga, aphwanga," anatero.

"Ndamukonza, madala. Kuno si kumowa."

Titayamba kujambula, gitala anapita kwake, Ida kwake. Zinkamveka ngati chitseko cha malata chikukhula pansi. Mtima unandiwira.

"Vuto ndi mayiwa," ndinatero. "Ankayimba motsika. Dikirani ndiwakweze."

Ndinakoka mawuwo pakompyuta mpaka anagwirizana ndi gitala ndendende. Ndinatembenuka ndikudikira kuthokozedwa, koma maso awo anali atafiira.

"Ameneyu ndani?"

"Akazi anu."

"Akazi anga ndimawadziwa ine. Uyu ndi mtsikana wa pawailesi. Mubwezeni Ida mmene munamupezera, apo ayi kompyutayi ndiitulutsira pawindo."

Munthu wa ndevu zoyera kundiopseza m'nyumba mwanga! Ndinabweza mawuwo mwamwano, ndipo ndinawaponyera mahedifoni pamwendo.

"Chunani nokha, tione nzeru za ku Jenala."

Anandiuza ndi chala kuti ndibwereze mzere woyamba. Ida anayimba, iwo akukhwefula nsambo pang'onopang'ono, khutu lili pathupi la gitala. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri. Kamakina kanga kanali kadakali kumutu kwa gitala, ndipo kanafiira pa nsambo iliyonse. Ndinaseka mokweza kuti amve.

Kenako a Kaliati anagwira nsambo n'kuyamba kuyimba. Gitala analowa pansi pa mawu aja ngati dzanja pamsana pa munthu wodwala. Pomwe mpweya unkamuthera Ida, nsambo zinkamudikira. Kuseka kwanga kunatha, ndipo zinandinyansa kwambiri kuti mkuluyu akhale wolondola.

Atamaliza anachotsa kamakina kaja ndi kukaponya patebulo.

"Zaka makumi atatu ndakhala ndikutsitsa gitalayu kuti iye asavutike," anatero. "Inu mwamumva lero lokha, ndiye mukufuna avutike ali kumanda?"

Anatenga nyimbo yawo, osatsanzika, ndipo inenso sindinawaperekeze.