Madzi a kwa aneba

Mvula yoyamba ya mu Disembala itagwa, Ireen anapeza mabedi ake atatu a mpiru atakokoloka, mbewu zitagona m'matope mizu ili pamtunda. Analondola njira imene madzi anadutsa mpaka anakafika pampanda wa njerwa umene aneba awo a kumtunda, a Godfrey, anamanga m'chilimwe. Pansi pa mpandawo panali chibowo chachikulu ngati mbale. Madzi onse a padenga ndi pabwalo la a Godfrey ankatulukira pamenepo n'kulunjika m'dimba mwake.

Ireen anali kalaliki pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Ginnery Corner, koma ku Kanjedza ankadziwika ndi dimba la kuseri kwa nyumba yake. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anali asanagulepo masamba kumsika wa Limbe.

Amuna ake, a Arthur, ataona chibowocho anapsa mtima. Anati Loweruka agula simenti achitseke, madziwo abwerere kwa eni ake.

"Musatseke, bambo a Stacy," anatero Ireen. "Mukatseka, madzi adikha kuseriko, ndipo tsiku lina mpandawu udzagwera ife. Ndisiyireni, ndikudziwa chochita nawo."

Mvula itagwanso, anavala majombo, natenga ambulera n'kukaima m'dimbamo. Ankafuna aone yekha kumene madziwo akufuna kupita. Pamene ankathamanga anakhomapo zikhomo, pamene ankafooka anakhomaponso.

Loweruka anakumba ngalande. Sanaiwongole, anaikhotetsa kawiri kuti madzi azifika kumunsi atatopa. Pansi pa chibowo anayala miyala kuti dothi lisakumbike. Pakona ya kumunsi anakumba dzenje lofika m'chiuno, anathiramo masamba ouma ndi zitosi za nkhuku, ndipo m'mbali mwake anabzala ana a nthochi anayi ndi koko, amene ena amati masimbi. A Arthur ankatuta dothi pa wilibala akung'ung'udza kuti akuvutikira madzi a munthu wina, koma sanasiye ntchito. Dothilo Ireen anakwezera mabedi. Mpiru sanaubwereze, poti ankadziwa kuti m'dzinja suchedwa kuola. Anafesa bonongwe ndi therere, maungu n'kuwayangitsa pa waya.

Mu Januwale kunagwa mvula ya masiku anayi osakata. Ireen akafika kuchokera kuntchito ankayamba wazungulira kuseri asanalowe m'nyumba. Ngalande inkayenda yodzaza, dzenje linkadzaza n'kuphwa, mabedi ali chiimire. Zomuvuta zinali nkhono basi. Ankazitolera m'chitini m'mawa uliwonse asanakakwere minibasi.

Tsiku lachinayi a Godfrey anagogoda pageti atapinda buluku mpaka m'mawondo. Ananena kuti madzi alowa m'khitchini mwawo, chibowo chija chikuchepa, ndiye amapempha kuti aboole china. Ireen anawatengera kuseri. A Godfrey anayang'ana ngalande ndi miyala ija. Kenako anapepesa, nati sanamufunsepo mmisiri wawo kuti madziwo azithera kuti.

"Chibowo chachiwiri ayi, aneba," anatero Ireen. "Madzi awa ndi amene dimba langa lingakwanitse. Koma tiyeni ndikaone kwanuko."

Anapeza bwalo lonse atalithira simenti, kuyambira pageti mpaka kuseri, popanda ndi pamodzi pomwe polowera madzi. Anatola chidutswa cha njerwa n'kujambula mzere wautali motsata mpanda. Anawauza kuti aphwanye simenti yonse ya mkati mwa mzerewo, afukule dothi, abzalemo kapinga, ndipo pansi pa paipi ya padenga aikepo migolo iwiri. A Godfrey anadandaula kuti simentiyo sinathe ndi chaka chomwe, nafunsa ngati zimenezi zithandizedi.

"Zithandiza," anatero Ireen. "Yambirani apa, potsetserekapa."

Loweruka lotsatira kutsidya kwa mpanda kunamveka hamala tsiku lonse. Mvula za mu Febuluwale zinabwera zamphamvu, koma m'khitchini mwa a Godfrey munakhala mouma. Kapinga sanamubzale ponse. Akazi awo, a Felicia, anasiyako kamalo, ndipo Lamulungu lina pochokera kutchalitchi anadzera kwa Ireen kudzapempha njere za therere. Ireen anawapatsa zodzaza dzanja, n'kuwauza kuti aziika ziwiriziwiri paphando, ndipo asaope kuzulapo zikamera zothithikana.