Kalata Imene Ndinalemba Ndekha

Kalata yopempha kuti andisamutse ndinailemba ndekha, masana a Lachitatu, nditakhala pakona m'kantini ya ku likulu la polisi. Ndinalemba kuti ndikufuna kukatumikira anthu akumidzi, kumene apolisi achikazi ndi ochepa. Kuchepako kunali koona, koma si kumene kunandigwiritsa cholembera.

Bambo anga anali atafa ziwalo mbali ya kumanja, chaka chachitatu chili mkati. Mayi anatisiya kalekale. M'nyumba tinalimo atatu: bambo, ine ndi mng'ono wanga, amene anasiyira panjira maphunziro a unamwino kuti tizithandizana. Iye ankawasamala ine ndikakhala kuntchito, ndipo ndikaweruka ndinkangovula yunifolomu n'kumulandira. Kuwasambitsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda, kuchapa zofunda, kuwadyetsa ndi sipuni iwo akukankha mbale ndi dzanja lamoyo lija. Bambo anali mphunzitsi, munthu wozolowera kulamula, ndipo mkwiyo wawo wonse unkathera pa ife. Tsiku lina ndinasinza choimirira pamphambano ndikuwongolera magalimoto, mpaka woyendetsa basi anandiimbira hutala n'kufuula kuti kodi boma layamba kulemba ntchito zidole.

Patatha miyezi iwiri yankho linabwera. Ndinalowa m'nyumba nditavala nkhope ya maliro.

"Andisamutsa," ndinatero.

Mng'ono wanga anali akufinya thaulo pabeseni. Anasiya. "Kupita kuti, achemwali?"

Ndinamuuza dera lake, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi.

"Simunawauze mabwana anu za bambo?"

"Ndawauza. Akuti lamulo ndi lamulo."

Ndinkayembekezera kuti akwiya. M'malo mwake anandikumbatira ndi manja onyowa aja, nayamba kulira. "Anthu amenewa alibe chisoni," anatero. "Musadandaule, ndikwanitsa." Tsiku lonyamuka ndinapeza atandisitira mayunifolomu onse n'kuwapinda bwino m'sutikesi. Bambo anandiitana, nalankhula ndi pakamwa popotoka paja kuti, "Pita, mwana wanga. Boma silisankha waulesi."

Polisi imene ndinapitako inali nyumba ya zipinda zitatu ndi khonde lalitali. M'chitolokosi munkadzaza njinga ndi makasu a umboni kuposa anthu. Galimoto yathu inakhala pa njerwa zaka zingapo ndipo nkhuku za mnzathu wina zinkaikiramo mazira, choncho tinkadalira njinga yamoto imodzi. Tinalipo apolisi anayi. Mkulu wathu, bambo wa imvi amene anatsala pang'ono kupuma pantchito, anthu ankamutchula kuti Sizothamangira, chifukwa ndi mawu amene ankayankha pa chilichonse, kaya ng'ombe zalowa m'munda wa mwini, kaya mabwana akulikulu akufuna lipoti.

Milandu yake inali ya malire a minda, ndewu za pamsika ndi ziweto. Sabata yanga yoyamba tinamangirira mbuzi yobedwa pamtengo wa mbendera, ndipo pamene tinkafunsa wogwidwayo, iyo inali itatafuna masamba atatu a buku la madandaulo limene ndinasiya pabenchi. Ndinaseka mpaka misozi. Kenako ndinakumbukira kuti nthawi imeneyo mng'ono wanga akulimbana ndi bambo kuti amwe mankhwala, ndipo kuseka kuja kunathera pomwepo.

Ndinkagona tulo tabwino. Ndinanenepa, lamba wa yunifolomu n'kumusuntha bowo. Ntchito nayo inandiyanja. Atamva kuti kwabwera wapolisi wamkazi, amayi anayamba kubwera ndi nkhani zimene sakanauza amuna. Wina anayenda maola atatu mkono wothyoka ataumanga ndi nsalu, ndipo ndinakamanga mwamuna wake tsiku lomwelo. Ndinkadziuza kuti taona, kuno n'kumene ukufunika. Mtima unkavomera kwa ola limodzi, kenako n'kuyambiranso kundiluma.

Lamlungu lililonse masana mng'ono wanga ankaimba foni. Ndinkakaima pafupi ndi thanki ya madzi, pamene mawu ankamveka bwino. Iye akandiuza za bambo, ine ndinkamuuza za fumbi, za udzudzu, za misewu yoipa. Ndinkathira mchere pa mavuto anga kuti nanenso ndioneke wosauka. Iye ankati, "Pepani, achemwali, limbani mtima."

Mwezi wachinayi uli mkati, ndinalandira foni ya mnzanga wosunga mafayilo ku likulu, mayi amene tinkamutchula kuti Chidindo.

"Mng'ono wako anali kuno dzulo," anatero, wopanda ndi moni womwe.

"Kudzatani?"

"Kudzakupemphera. Anabwera ndi mapepala onse a kuchipatala a bambo ako. Anakhala pabenchi kuyambira m'mawa, osadya kanthu, mpaka bwana wamkulu anamulola kulowa. Anawapempha kuti akubweze kuno. Bwana anandiitanitsa fayilo yako, ine ndinangoitulutsa, sindinadziwe kuti kwanu unanena zina."

Ndinakhala pansi, pafumbi pomwepo.

"Bwana anamuonetsa kalata ija," anapitiriza Chidindo. "Anati, 'Mayi, ifetu tinangomupatsa chimene anapempha yekha.'"

"Iye anati chiyani?"

"Anaiwerenga kawiri. Anathokoza, anasonkhanitsa mapepala ake, n'kutuluka. Iwe, unamuchita zotani mwana wa mayi ako?"

Lamlungu lake foni inalira nthawi yomweija. Ndinaiyankha. Mng'ono wanga anandiuza kuti chilonda cha pachidendene cha bambo chikuuma, kuti adokotala asintha mankhwala, kuti mpope wa kuseri ukudontha. Kenako anafunsa kuti, "Nanga kumeneko fumbi lili bwanji?" Ndinati lilipobe. Zinapitirira choncho masabata atatu. Sanatchule kalata, inenso sindinaitchule. Chakudya chinasiya kulowa. Tsiku lina ndinalemba dzina la wodandaula pamalo a woimbidwa mlandu, ndipo Sizothamangira anandiitanira muofesi mwake n'kutseka chitseko.

"Mayi, mwatsala pang'ono kutsekera munthu amene waberedwa nkhumba. Chavuta n'chiyani?"

Ndinawauza zonse. Anamvetsera akupukuta magalasi awo ndi nsonga ya malaya.

"Ndagwira ntchito imeneyi zaka makumi atatu," anatero, "ndipo ndinaona kuti wobwera yekha kudzadzipereka amagona bwino kuposa amene tikumusakasaka. Ndikukupatsani sabata imodzi. Basi idutsa mawa m'mawa. Izi zokha ndiye n'zothamangira."

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mng'ono wanga anali kuseri akuyanika zofunda. Anali ataonda, ndipo mkono wake wamanja unali womangidwa bandeji, chifukwa chonyamula bambo yekha. Anandiyang'ana, napitiriza kuyanika.

"Kalata ija ndinalemba ndine," ndinatero motsitsa mawu, popeza zenera la bambo linali lotsegula.

"Ndikudziwa. Zilembo zanu ndingaziphonye? Munandiphunzitsa kulemba ndinu."

"Nanga bwanji sunandifunse?"

"Ndinkafuna ndione kuti za fumbizo mundiuza mpaka liti."

Ndinayamba kufotokoza za kutopa, za kusinza pamsewu, koma anandidula.

"Kutopa si mlandu, achemwali. Mukuganiza kuti ine sindinatopepo? Tsiku lina ndinafika mpaka pokwerera basi ndi chikwama m'manja. Ndinabwerera chifukwa ndinakumbukira kuti ndawasiya atagonera mbali yodwala. Mukanangonena kuti mwatopa, tikanakhala pansi ngati anthu. Koma ine ndinakulirirani. Ndinasita mayunifolomu anu misozi ikugwera pa nsalu. Ndinakagwadira bwana wanu anthu akuona, ndikupempherera munthu amene anathawa yekha. Chimenecho ndiye chikundidya."

Ndinatola nsalu ina m'beseni kuti ndimuthandize kuyanika, iye n'kundilanda.

"Bambo akudziwa?" ndinafunsa.

"Sindinawauze. Mlendo aliyense amamuuza kuti mwana wawo anasankhidwa pakati pa apolisi onse. Ngati mukufuna kuwalanda zimenezo, kawalandeni nokha."

Ndinalowa m'chipinda chawo ndili wotsimikiza kuti ndiulula. Atandiona anayesa kudzuka, diso limodzi likutuluka misozi, n'kundigwira tsaya. "Wanenepa," anatero. "Akukusunga bwino." Ndinangoti inde, bambo, ndipo ndinawakonzera pilo.

Lamulo linali lakuti wopempha yekha kusamuka sangabwerere zisanathe zaka ziwiri. Tsiku lachitatu ndinauza mng'ono wanga kuti ndiwatenga bambo. Nyumba imene anandipatsa kuseri kwa polisi inali ya zipinda ziwiri, chipatala chaching'ono chinali tsidya lina la msewu, ndipo mkazi wa Sizothamangira, amene anasamalapo apongozi ake odwala chimodzimodzi, anavomera pa foni kuti aziwayang'anira ine ndikachokapo.

"Musawatenge chifukwa cha manyazi," anatero mng'ono wanga. "Manyazi amatha msanga, koma zofunda n'zochapa tsiku ndi tsiku."

"Ndikudziwa. Iwe ubwerere kusukulu."

Sanavomere tsiku limenelo. Anaganiza masiku awiri, kenako ndinamuona akulongedza mankhwala m'katoni. Mnansi wathu wa galimoto ya katundu anatinyamula, bambo atagona pa matiresi kumbuyo. Tisananyamuke, mng'ono wanga anandionetsa kanyamulidwe katsopano kamene anaphunzira kuchipatala, kogwira m'chiuno osati m'khwapa, ndipo anandibwerezetsa katatu mpaka atakhutira. Anapsompsona bambo pamphumi. Ine anangondipatsa katoni ija n'kulowa m'nyumba galimoto isanatembenuke.

Tsopano papita miyezi isanu ndi iwiri. Bambo amakhala pakhonde m'mawa, ndipo anthu odikira milandu amabwera kudzawapatsa moni. Amakangana ndi Sizothamangira za nyengo, ndipo masiku ena amandiponyera kapu monga kale. Onse amene amabwera, bambo amawauzabe kuti ndinasankhidwa. Ine ndimayang'ana pansi. Ndayesa kangapo kuwauza zoona, koma mawu amandikanirira, ndipo sindikudziwa ngati ndimawamvera chisoni iwo kapena ndimadzimvera ndekha.

Mng'ono wanga anabwerera kumaphunziro ake. Amaimbabe Lamlungu, koma ndikangoyankha amati, "Ndipatseni bambo," ndipo akamaliza amadula. Lamlungu lapitali bambo anali m'tulo. Ndinamuuza choncho, n'kudikira kuti adule. Sanadule. Ndinkamva phokoso la anzake chapatali.

"Inuyo muli bwanji?" anafunsa.

Ndinatsala pang'ono kunena kuti ndili bwino. "Ndatopa," ndinatero. "Dzulo anakana kusamba, lero akana kudya."

"Ee, amatopetsa," anatero. "Musawakakamize ndi sipuni. Muwaikire mbale pamwendo muchokepo, adya okha akaona kuti palibe akuwayang'ana. Akadzuka mundiimbire."