Umboni wa ba Helen

Nkhani iyi anaifotokoza ba Helen Mwanza Lachinayi masana, pa sitandi yawo yosokera zovala mu maliketi ya Kabwata. Makina anali chete chifukwa magetsi anali atapita.

Mwana wawo Yande, wa giredi seveni, ankadwala matenda a nkhawa. Ankamuyamba mwadzidzidzi: mtima kuthamanga, manja kunjenjemera, mpweya kukana kulowa. Ba Helen anapita naye kwa abusa, kenako ku kiliniki, pomaliza ku chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. Kumeneko anamuphunzitsa kupuma pang'onopang'ono akuwerenga mpaka teni. Patapita miyezi itatu mwana anayambanso kudya ndi kuseka.

Ndiye Lamulungu lina, nthawi ya umboni, ba Helen anatenga maiki kutsogolo kwa mpingo. Anathokoza Mulungu, anatchula dzina la mwana, anatchulanso chipatala. Anthu anaomba m'manja. Yande anali pa benchi lachitatu, mutu uli pansi. Mayi ake anayesa akupemphera.

Patadutsa milungu iwiri, ba Chabala, ogulitsa salaula, zovala zakaunjika, pa sitandi yoyandikana, anabwera kudzabwereka sizasi.

"Ba Helen, sukulu ya mwana wanu inasamukila kumbuyo kwa matoileti ya maliketi?"

"Mukamba chani imwe?"

"Namuona kuyambila pa Mande. Yunifomu yochisa, nsapato zopolisha, ankhala pa njelwa mpaka anzake bakomboke ku sukulu."

Ba Helen anakamupeza pomwepo, chikwama chili pa miyendo. Mphamvu yokalipa analibe. Anakoka njerwa ina nakhala pambali pake.

"Ndiye pa giledi seveni pano?"

Yande anakumbatira chikwama chake.

"Mayeso yasala milungu isanu, mwana wanga."

"Sinizabwelelako, mami."

Anatsegula chikwama natulutsa mabuku. Pa chikuto cha buku lililonse wina anali atalembapo ndi cholembera chakuda cha maka: CHAINAMA.

"Nikangena mu kilasi, Destiny amakuwa monga kondakita wa minibasi: 'Chainama, Chainama, mpando umozi wasala.' Bonse baseka. Chikaniyamba, nikayamba kupenda mpaka teni, nabo bapenda na ine mokweza. Nimasokonezeka, mpweya sungena."

"Anabauza ni ndani?"

Yande anawayang'ana m'maso.

"Imwe, mami. Na maiki. Destiny na bamai bake banali kumbuyo kwathu."

Ba Helen anafuna kunena kuti anachitira Mulungu ulemu. M'malo mwake anatenga mwana ndi kupita naye ku sitandi, namugulira zitumbuwa ziwiri.

"Madzi akatayika saoleka," anatero ba Chabala atamva zonse. "Mupelekeni ku Chelstone kwa mlongo wanu, akaphunzile kumene sibamuziba."

"Namba yake ya mayeso ili pa sukulu yamene iyi. Akachoka, chaka chatayika." Ba Helen anapukuta kumaso ndi chitenje. "Mailo m'mawa nizayenda kwa ba hedi. Banipase mpata pa asembule, nibauze bana bonse kuti matenda aya si misala."

"Mufuna futi maiki?" anafunsa Yande, osakweza mawu.

Ba Chabala anayamba kupinda malaya amene anali opindidwa kale.

Ba Helen anayang'ana mwana wawo. Miyezi yonseyi anakamba za mwanayu ndi abusa, anamwino, azimayi a mapemphero, ngakhale makasitomala. Mwini wake anali asanamufunsepo.

"Manje ufuna nichite chani?"

Yande anayankha ngati munthu amene anaziganizira masiku ambiri pa njerwa paja. Auzidwe munthu mmodzi yekha, ba Lukonde, aphunzitsi a sayansi amene sakalipa. Amupatse desiki pafupi ndi chitseko. Chikamuyamba, azituluka osakweza dzanja, akapumire pa khonde, kenako abwerere.

"Ndipo nizakamba neka. Imwe muzankhala panja."

M'mawa mwake anapita onse awiri. Ba Helen anakhala pa benchi kunja kwa ofesi mphindi makumi anayi, manja ali pa chikwama, osamva kalikonse. Yande atatuluka anangoti, "Bavomela," nalowa m'kalasi.

Destiny sanasiyiretu. Ba Lukonde anamuitana kawiri, ndipo tsopano amangonong'ona. Masiku ena Yande amabwera maso ali ofiira, sadya. Koma sabata yonse yatha sanajombe.

Atafika apa ba Helen anayesa switchi ya makina. Magetsi anali asanabwere.

"Mabuku ninayakutila na mapepala yatsopano, dzina analemba yeka," anatero. "Pa Sondo ba pasita banaitana ba umboni. Maiki inayenda mu mzele, inafika pali ine. Bazimai bananiyangana, baziba nimakonda kukamba. Ninaipasa wa pambali."