Wa Lendi wa Chipinda Chachinayi

Rozina anagwira ntchito ya m'nyumba ku Rosebank, m'Joni, zaka khumi ndi zisanu. Ankadzimana, mpaka anagula nyumba ku Orange Farm kwa mdala wina wachizulu, a Mthembu. Anakasainirana pepala kupolisi, mdalayo n'kubwerera kumudzi kwawo, komwe anamwalira chaka chotsatira. Rozina anamanga zipinda zinayi kuseri n'kuikamo anthu a lendi. Iye ankagona kuntchito, ndipo kunyumbako ankapita Lamlungu lokha. Amene ankamuyang'anirira pamalopo anali Subira, mayi wa ku Machinga wogulitsa usipa, yemwe ankakhala m'nyumba yaikulu.

Chipinda chachinayi chitatsala chopanda munthu, kunabwera bambo wamtali wovala jekete yabuluu ya pantchito. Anati dzina lake ndi Arthur, mbadwa ya m'Joni momwemo. Sananenerere mtengo. Chipindacho sanachiyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa mtengo wa mapichesi wa pakona ya mpanda.

"Wakula," anatero.

Rozina anangoti mwina ndi mayankhulidwe ake.

Miyezi iwiri yoyamba Rozina ankamuyamikira. Mpopi wa panja unkadontha, Arthur anaukonza. Chitseko cha chimbudzi anachiikira mahinjesi atsopano. Koma Lamlungu lina Rozina anapeza geti yapakidwa penti yobiriwira, ndipo loko wake palibe, pali wina.

"Wakale uja anachita dzimbiri, mama," anatero Arthur akumupatsa kiyi mmodzi. Ena atatu anali m'thumba mwake.

Sabata yotsatira a lendi ena sanatuluke kudzamulonjera Rozina. Mmodzi anasuzumira pawindo n'kukoka katani. Subira anamukokera m'khitchini, n'kutseka chitseko.

"Achemwali, munthu uyu munamufunsa dzina la bambo ake?"

"Bwanji?"

"Akumauza anthu kuti chikawonongeka chinthu aziuza iyeyo. Lachitatu anabwera ndi azibambo atatu a komiti ya msewu uno. Anazungulira mpanda wonse akuyeza ndi tepi. Ine anandifunsa kuti pasipoti yanga ikutha liti."

Rozina anatuluka n'kumupeza Arthur atakhala pa kreti padzuwa, akusenda lalanje.

"Bhuti Arthur, mukuyeza chiyani pamalo panga?"

Arthur anamaliza kaye kusenda. Kenako anatulutsa envelopu m'jekete, n'kuitsegula modekha. Munali chikalata cha umwini wa nyumbayo, chidindo cha boma chili pomwepo, dzina lake la a Mthembu.

"Ndi bambo anga awa. Ine ndinabadwira m'chipinda chomwe akugona Subira."

"Anandigulitsa nyumbayi! Pepala ndili nalo."

"La kupolisi? Ndikulidziwa." Anamwetulira, n'kumupatsa chidutswa cha lalanje. Rozina sanalandire. "Sindikuthamangitsani, mama. Mwamanga bwino. Zipinda zolimba kwambiri."

Kutsidya kwa msewu azibambo awiri anali atatsamira galimoto yoyera. Sankacheza. Ankangoyang'ana.

Lolemba Rozina anapempha tchuthi kwa abwana ake n'kupita kwa loya wina m'tauni. Mayi loyayo anawerenga pepala la kupolisi lija kawiri, n'kuvula magalasi. Anati nyumbayo sinasinthidwe dzina, choncho pamaso pa malamulo ikadali ya malemu. Mlandu ungatheke, koma ungatenge zaka ziwiri kapena zitatu.

"Ndipo mukangochokapo pamalopo," anatero, "kubwereranso kudzakhala kovuta."

Pofika kumapeto kwa mwezi, a lendi awiri anasamuka osatsanzika. M'zipinda zawo munalowa anthu omwe Rozina sankawadziwa, ndipo sanamufunse. Subira nayenso anamanga katundu, nati wapeza malo kwa mlamu wake ku Mayfair.

"Ndili ndi ana, achemwali. Mundikhululukire. Inunso tiyeni, moyo ndi umodzi."

Rozina anamuthandiza kukweza matumba a usipa pa bhaki. Galimoto itakhota, anaimbira foni abwana ake kuti kuyambira mawa aziyendera, sazigonanso kuntchito. Anatenga matilesi ndi sitovu n'kulowa m'nyumba yaikulu ija, yekha.

Tsopano patha miyezi isanu. Mlandu sunalowebe m'khoti. Palibe amene anamuopseza ndi mawu, palibe amene anamukhudza. Mmawa uliwonse akamapita kokwera takisi amapeza Arthur akusesa pabwalo, ndipo amamutsegulira geti mwaulemu.

Lachisanu lapitali lole inatsitsa njerwa ndi mchenga pafupi ndi windo la kuchipinda kwa Rozina. Rozina atafunsa kuti ndi za chiyani, Arthur anati ndi za khoma.

"Khoma la pati?"

"Muliona, mama. Fulumirani, takisi ikusiyani."